Thupi la Wophunzira Uphunzitsi: Mbiri ya Masewera Olimbitsa Thupi

Aphunzitsi anzanga, pali mau amene amveka kawirikawiri pakati pa ophunzira uphunzitsi, makamaka mayeso akayandikira, akuti nthawi ya masewera olimbitsa thupi ndi nthawi yotayika. Wina ati anabwera ku koleji kudzaphunzira kaphunzitsidwe ka masamu ndi kuwerenga, ndipo kudumphadumpha pabwalo nkwa ana. Maganizo amenewa satsalira ku koleji. Apita nafe ku sukulu za kumidzi, kumene mphunzitsi aimirira pamthunzi wa mtengo ndi kufuula malamulo, ana okha ndiwo atuluka thukuta. Tsono funso lakuti kodi masewerawa asinthadi thupi la munthu wokonzekera uphunzitsi si latsopano ai. Anthu analifunsa zaka zoposa 160 zapitazo, ndipo ena analiyankha ndi tepi yopimira, sikelo ndi wochi. Ndifuna kulongosola zimene iwo anapeza, pakuti mlandu wa ola limeneli pa ndandanda ya maphunziro suyenera kuweruzidwa ndi ulesi wathu.

Ciyambi ca nkhaniyi cili ku maiko a kumpoto kwa Ulaya. Ku Denmark, Franz Nachtegall anatsegula nyumba ya masewera mu mzinda wa Copenhagen m'caka ca 1799, ndipo lamulo la sukulu la 1814 linaika masewerawa pakati pa zophunzira za anyamata. Ku Sweden, Per Henrik Ling, amene anabadwa mu 1776 namwalira mu 1839, anayambitsa mu 1813 sukulu mu Stockholm yokonzekeretsa anthu odzaphunzitsa anzao masewera. Sukuluyo ikalipo kufikira lero, ngakhale dzina lake linasintha. Ophunzira a kumeneko anali kuphunzira za mafupa ndi minofu ya munthu, nacita ndi matupi ao zonse zimene anali kudzalamulira ena. Njira ya Ling inachuka ndi dzina lakuti masewera a ku Sweden, ndipo tidzakumana nayo kangapo m'nkhani ino.

Koma amene anatisiyira umboni wolembedwa bwino wa zimene masewera acita m'thupi la wophunzira ndiye Archibald MacLaren, mbadwa ya ku Scotland, amene anali ndi nyumba ya masewera mu mzinda wa Oxford ku England. Nkhondo ya ku Crimea, imene inatha mu 1856, inasiya akulu a asilikali a Britain ali ndi nkhawa, pakuti anthu ao amene anafa ndi matenda anaposa kutali amene anafa ndi zipolopolo. Cotero mu 1860 anasankha asilikali 12 a maudindo ang'ono, nawatumiza kwa MacLaren pamodzi ndi mkulu wao, Major Frederick Hammersley, kuti aphunzire miyezi ingapo, ndi kuti pobwerera akaphunzitse anzao m'magulu a nkhondo. Yunifolomu yao isatinyenge. Anthu awa anali ophunzira uphunzitsi monga momwe tinalili ife ku koleji, kungoti ana a sukulu ao anali kudzakhala asilikali.

MacLaren anali munthu wokonda kupima. Asanayambe kuwaphunzitsa anawakweza pa sikelo, napima msinkhu wao, kukula kwa cifuwa ndi kwa mkono, nalemba zonse. Ndipo anabwereza kupimako pakupita kwa miyezi. Nchito yao inali kukwera zingwe ndi makwerero, kulumpha, kudzikoka pa mitanda ndi kunyamula zitsulo, kuyambira pa zopepuka kunka ku zolemera. Zimene zinatsatira anazilemba m'buku lake la 1869 lochedwa A System of Physical Education, ndipo nzoseketsa ndithu. Mwezi wacinai usanafike, ena a iwo sanathenso kuvala majekete ao popanda wowathandiza, ndipo atavala, mbali ziwiri za jekete sizinali kukumana pacifuwa. Patapita mwezi wina majeketewo anakaniratu kulowa. Panafunika kuitanitsa zovala zatsopano, ndipo podikira zimenezo anthuwo anali kupita ku masewera ndi kubwerako atadzikuta m'majasi ao akulu. Mmodzi wa iwo cifuwa cake cinakula ndi mainchesi 5. Atatsiriza maphunziro, anthu 12 amenewa ndiwo anakhala maziko a gulu la aphunzitsi a masewera la asilikali a Britain ku Aldershot.

Nkhani iyi ikoma kuifotokozera ana, koma mphunzitsi aiwerenge mwaceru. Anthu 12 ndi ocepa. Anali osankhidwa, ndiponso anali kudya cakudya ca boma tsiku ndi tsiku. Lero tidziwanso kuti tepi ikaonetsa cifuwa cokula, cimene cakula makamaka ndi minofu ya pacifuwa ndi ya kumsana, pakuti mapapo a munthu wamkulu sakula kwambiri cifukwa ca masewera. Ngakhale ziri tero, mfundo ya MacLaren iima: thupi la munthu amene watha kale msinkhu lingathe kusintha m'miyezi yowerengeka, ndipo kusinthako kungathe kupimidwa ndi zida zimene ziri m'nyumba ya telala ali yense.

Cozizwitsa ncakuti koleji yoyamba ya ku England yokonzekeretsa aphunzitsi a masewera a m'sukulu inali ya akazi. Mai wina wa ku Sweden, Martina Bergman, amene atakwatiwa anadziwika ndi dzina lakuti Madame Bergman-Österberg, anaphunzira pa sukulu ija ya Ling, ndipo mu 1881 bungwe loyang'anira sukulu za mu London linamlemba nchito yoyang'anira masewera a atsikana. M'zaka zocepa anaphunzitsa njira ya ku Sweden kwa aphunzitsi aakazi oposa 1,000. Koma maphunziro a apa ndi apo, operekedwa kwa anthu otopa kale ndi nchito ya m'kalasi, sanamkhutiritse. Mu 1885 anatsegula koleji yake ku Hampstead ndi ophunzira 4 okha, ndipo mu 1895 anaisamutsira ku Dartford, kumene kunali mabwalo akulu. Maphunziro anali a zaka 2. Ophunzira anali kuwerenga za thupi ndi za ukhondo, nacita masewera a ku Sweden, kusambira ndi masewera a mpira.

Tikumbukire kuti masiku amenewo madona a ku England anali kuvala madiresi ofika pansi, ndi zomangira m'ciuno zothina zimene zinali kupanikiza nthiti, ndipo ambiri anali kukhulupirira kuti kuthamanga kuononga mtsikana. Ophunzira a ku Dartford anatsutsa cikhulupiriro cimeneco ndi matupi ao. Mmodzi wa ophunzira a mai ameneyu, Mary Tait, anapanga diresi lomasuka lochedwa gymslip, limene pambuyo pake linakhala yunifolomu ya atsikana m'sukulu za maiko ambiri. Ndiponso masewera a basketball, amene James Naismith anayambitsa ku America mu 1891, atafika pa koleji imeneyi anasinthidwa pang'onopang'ono kufikira anasanduka netball, ndipo malamulo ake anasindikizidwa mu 1901 ndi bungwe limene anayambitsa amene anaphunzira kwa mai ameneyu. Amai aphunzitsi amene muimika mitengo iwiri ya netball kuseri kwa sukulu yanu, dziwani kuti mpira umenewo unakulira m'manja mwa ophunzira uphunzitsi. Amuna anacedwa kwambiri. Koleji yao yotere, ya Carnegie mu mzinda wa Leeds, inatsegulidwa mu 1933, patapita zaka 48 cikhalire akazi ali ndi yao.

Pakati pa zaka zimenezi panagwa cinthu cimene cinapotoza nchito yonse. Pa nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu ku South Africa, ya 1899 kufikira 1902, anyamata ambiri a m'mizinda ya Britain amene anadzipereka kukhala asilikali anabwezedwa ndi madokotala cifukwa ca kufooka. Kunalembedwa kuti mu Manchester, mwa anthu 11,000 amene anadzipereka mu 1899, okwanira 8,000 anakanidwa. Boma linacita mantha, ndipo mu 1902 linatulutsa ndondomeko ya masewera a m'sukulu yotengedwa ku perete wa asilikali. Sukulu zinalimbikitsidwa kuitana asilikali kuti aphunzitse aphunzitsi kuguba, kutembenuka ndi kufuula malamulo. Aphunzitsi ambiri anaikana, nati ana si asilikali.

Kenaka komiti imene boma linaika kuti ifufuze kufookaku inapereka lipoti lake mu 1904, ndipo inaloza ku cakudya cosakwanira, nyumba zothithikana ndi mpweya woipa wa m'mizinda. Mu 1906 munatuluka lamulo lolola kudyetsa ana osauka pa sukulu, ndipo mu 1907 lamulo lakuti ana a sukulu adzipimidwa ndi dokotala. Apa pali phunziro limene ife a kumidzi tilidziwa bwino kuposa a ku London: kuthamangitsa munthu wa njala sikumlimbitsa. Wophunzira amene magazi ake acepa cifukwa ca malungo, likodzo kapena njoka za m'mimba apuma wefuwefu asanazungulire bwalo kamodzi, ndipo mankhwala ake ali ku cipatala ndi m'mbale. Buku la boma la masewera la 1909 linatsata njira ya ku Sweden, ndipo la 1933 linaonjeza kuthamanga, kulumpha ndi timasewera ta magulu. Buku la 1933 limeneli linafika m'maiko ambiri amene anali pansi pa ulamuliro wa Britain.

Kuno kwathu, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia, aphunzitsi oyamba anakonzekeretsedwa pa mamishoni. Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, pamodzi ndi Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera dziko lino ndi kukumana ndi amishoni pa msonkhano wao ku Kafue. Zinalangiza kuti sukulu ziphunzitse za umoyo, za ulimi, za pabanja ndi masewera, pamodzi ndi kuwerenga ndi kulemba. Mu 1925 G. C. Latham anaikidwa kukhala mkulu woyamba wa boma woyang'anira maphunziro a anthu a dziko lino. Pambuyo pake kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, yokonzekeretsa aphunzitsi oyendera sukulu za kumidzi, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939.

Cimene ndifuna tione pa sukulu za masiku aja ndi ici. Wophunzira uphunzitsi anali ndi drill yake ya pa mzere, yoongola manja ndi kuwerama pomvera mau a mphunzitsi. Koma analinso ndi khasu. Anali kulima munda wa sukulu, kuumba njerwa, kutema nkhuni ndi kutunga madzi, ndipo pochuthi ambiri anali kuyenda pansi ulendo wautali kupita kwao. Ine ndiyesa kuti mphamvu zimene akulu athu amakumbukira mwa aphunzitsi akale zinacokera ku khasu ndi ku mseu koposa ku drill. Kuongola manja munthu ali ciimire kuthandiza mfundo za thupi kukhala zofewa ndi msana kukhala woongoka, koma sikufulumiza mtima kwenikweni. Anthu a kwathu anacizindikira cimeneci mwa njira yao yao: anatenga perete wa asilikali, namuonjezera ng'oma ndi kudumpha, nasanduka mganda, ndipo wovina mganda atuluka thukuta loposa la munthu wa drill.

Za mtima zinaunikidwa bwino nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1953 dokotala wina wa ku London, Jeremy Morris, anafalitsa zimene anapeza pofufuza amuna pafupifupi 31,000 ogwira nchito pa mabasi ndi magalimoto ena onyamula anthu mu mzindawo. Mabasi a ku London ali ndi zipinda ziwiri, capansi ndi capamwamba. Woyendetsa anali kukhala pampando tsiku lonse, pamene kondakitala anali kukwera ndi kutsika makwerero potolera ndalama. Anthu awa anali a moyo wofanana, ogwira nchito m'basi imodzi. Koma makondakitala anapezeka kuti sanali kudwala nthenda ya mtima ndi kufa nayo mwadzidzidzi kawirikawiri monga oyendetsa. Ena anatsutsa, nati kapena anthu onenepa ndiwo amasankha nchito yokhala pansi. Morris anapita kukaona miyeso ya mathalauza a yunifolomu imene kampani inali kupereka, napeza kuti oyendetsa analidi a m'ciuno mokulirapo, koma kondakitala anali wotetezeka ndithu, kaya wowonda kaya wonenepa. Anapezanso zofanana poyerekeza amtengatenga a makalata oyenda pansi kapena pa njinga ndi anzao okhala m'maofesi.

Cifukwa cake ndi ici. Mtima ndi mnofu. Munthu akaugwiritsa nchito yolimba kawirikawiri, uphunzira kutulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti popumula ugunda modekha, ndipo pambuyo pa kuthamanga ubwerera msanga m'malo mwake. Timitsempha ting'onoting'ono ta m'minofu naco ticuluka, ndipo minofu ilandira mpweya wokwanira.

Koma cimene cipezedwa m'miyezi cingathe kutayika m'milungu, ndipo ili ndilo gawo la mbiri limene likhudza ife koposa. Mu 1966, mu mzinda wa Dallas ku America, anyamata 5 a zaka 20, athanzi, anavomera kugona pabedi milungu 3 osadzuka, kuti madokotala aone cimene cidzacitika. Podzuka, mphamvu ya matupi ao yogwiritsa nchito mpweya pa nchito yolimba inali itatsika ndi kuposa gawo limodzi mwa magawo 4. Atawacititsa masewera olimba milungu 8, mphamvuyo inabwerera, ndipo pa onse pamodzi inaposa ya poyamba. Patapita zaka 30, mu 1996, madokotala anaitananso amuna omwewo ali ndi zaka 50, napeza kuti zaka 30 za kukula sizinawafooketse monga inacitira milungu 3 ija ya pabedi.

Tsono taganizani za mnyamata kapena mtsikana wocokera kumudzi amene alowa koleji lero. Ambiri afika ali olimba kale. Mtsikana wakula ndi munsi ndi mtsuko pamutu. Mnyamata wakula ndi khasu ndi njinga yonyamula matumba a cimanga. Koleji iwapatsa mpando, desiki ndi mabuku, ndipo ngati ola la masewera lilandidwa ndi kukonzekera mayeso, palibenso cina cimene cifulumiza mtima wao. Sindinena kuti desiki lifanana ndi bedi la ku Dallas, iai. Koma njira yake iloza komweko, kungoti ulendo wake ngwa pang'onopang'ono. Asilikali a MacLaren anapita ku Oxford kukapeza mphamvu zimene analibe. Ophunzira athu ambiri afunika masewera kuti asataye mphamvu zimene anabwera nazo. Ndipo akalandira setifiketi ndi malipiro, nayamba kukhala madzulo onse pa mulu wa makope ocongedwa, ngozi ikula. Kuthamanga kwa magazi ndi nthenda ya shuga sizilinso za m'mizinda yokha. Bungwe la za umoyo la WHO, m'malangizo ake a 2020, liti munthu wamkulu afunika mphindi zosacepera 150 pa mlungu za nchito yofulumizako mtima, ndipo mwana wa sukulu mphindi 60 pa tsiku. Mphunzitsi amene athamanga pamodzi ndi ana ake m'malo moima pamthunzi akwaniritsa gawo lalikulu la muyeso wake osaonjeza ola lina pa tsiku lake.

Ngati bungwe lathu lifuna kulankhula ndi akulu a makoleji pa nkhani iyi, ndipempha kuti tipite ndi ziwerengero, pakuti mau okha sagonjetsa ndandanda ya mayeso. Njira yopimira iripo, ndipo siifuna ndalama. Mu 1943 Lucien Brouha ndi anzake pa yunivesite ya Harvard ku America anafalitsa muyeso wa benchi. Munthu akwera ndi kutsika pa benchi la mainchesi 20, ndiwo masentimita pafupifupi 50, nthawi 30 pa mphindi imodzi, kwa mphindi 5 kapena kufikira atalephera. Akazi kawirikawiri apatsidwa benchi lalifupiko. Akatha akhala pansi, ndipo patapita mphindi imodzi mnzake aika zala pa mtsempha wa padzanja ndi kuwerenga kugunda kwa mtima kwa theka la mphindi. Abwerezanso patapita mphindi 2 ndi mphindi 3. Mtima wolimba ubwerera msanga, cotero ciwerengero cake cikhala cocepa. Koleji itapima ophunzira ake polowa, ndi pakutha pa caka ciri conse, ingathe kudzionera yokha ngati iwabwezera ku midzi ali olimba kapena ofooka kuposa mmene inawalandirira.

Wodwala malungo, wocepa magazi, mai wodwala pakati, kapena amene amva kupweteka m'cifuwa asakwere benchi asanaonane ndi a cipatala. Benchi likhale lomwelo nthawi zonse, losagwedezeka, ndipo ola la tsiku likhale lomwelo, pakuti mtima wa munthu amene wangodya nsima kapena wayenda padzuwa ugunda msanga kuposa mmene ugundira m'mamawa.